Mizere Seveni pa Mapu a Madimba

Nkhani iyi sindinaifotokozepo kwa munthu kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ena anamvako chidutswa ichi, ena chidutswa icho, koma yonse ndakhala nayo ndekha zaka zoposa makumi anayi. Ndikuilemba tsopano chifukwa ndatopa nayo, komanso chifukwa dzanja likadatha kugwira cholembera.

Ine ndine mkamwini. Ndinabadwira kuseri kwa phiri, ndipo ndinabwera kuno kwa Malemia kudzakwatira ndisakudziwa ngakhale kulemba dzina langa. Dimba limene ndalima moyo wanga wonse m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi si langa. Linali la apongozi anga aakazi, linapita kwa mkazi wanga, ndipo iye atamwalira linatsala m'manja mwa mwana wathu wamkazi, amene ndikukhala naye mpaka lero. Changa ndi khasu basi.

Kumwera kwa dimba limeneli kuli dimba la aneba athu, banja la Chisilamu. Bambo wa m'banjamo ankachita geni ya nsomba zouma. Ankapalasa njinga kupita ku Chilwa n'kukhala milungu iwiri kapena itatu osaoneka, ndipo kudimba kunkatsala mkazi wake yekha. Pakati pa dimba lathu ndi lawo panali nkhadze yodzalidwa ndi makolo, ndipo imeneyo ndiyo inali malire.

Chaka china, mwana wathu akadali kumbuyo, mtsinje unasefukira n'kukokolola nkhadze yonse. Madzi ataphwa panatsala mchenga ndi matope okhaokha, osadziwika kuti la uyu lathera pati. Ine ndinapita kukadzala nkhadze ina. Ndinkadziwa bwinobwino pamene yakale inadutsa, chifukwa chitsa cha mkuyu chimene chinali pamalirepo chinali chikadalipo pansi pa matope. Ndinachiponda ndi phazi langa ili. Kenako ndinawerenga malo a mizere seveni kulowa kwa aneba, ndipo ndinadzala pamenepo. Chitsacho ndinachikumba masiku awiri n'kukachisonkhera moto kunyumba.

Sindinganame kuti inali njala. Apongozi ankakonda kunena pagulu kuti mkamwini wawo ndi wa manja lende, ndipo ine ndinkafuna kuti chaka chimenecho aone madengu a matimati akutuluka m'dimba mwawo. Anawaonadi. Sanandiyamike.

Bambo wa nsomba uja atabwerako anaima pamalire nthawi yaitali, njinga ili m'manja.

“Achimwene,” anatero, “nkhadze iyi yayenda.”

“Nkhadze ilibe miyendo,” ndinayankha.

Anthu amene ankathirira mbewu chapafupi anaseka, ndipo kuseka kwawo kunandilimbitsa mtima. Iye anaitana akuluakulu, a kumzikiti ndi a kutchalitchi kwathu, ndipo pamaso pawo ndinakweza dzanja n'kulumbira kuti pali Mulungu, ndadzala pamene panali yakale. Umboni panalibe. Iye anandiyang'ana, anati, “Chabwino, Mwini dziko waona,” n'kukankha njinga yake. Sanaitchulenso nkhaniyo. Ankandipatsa moni tsiku lililonse, nthawi zina ankandisiyira timatemba m'pepala, ndipo atamwalira ndinali m'gulu la amene anaponya dothi m'manda mwake.

Sukulu ndinayamba ndili ndi imvi zoyamba. Ndinalowa ya kwacha kutchalitchi, kenako ndinakakhala pabenchi limodzi ndi ana kuti ndilembe mayeso a sitandade eyiti, kenako ndinapitako masana ku sekondale zaka ziwiri mpaka mutu unakana. Kuwerenga ndi kulemba zinandilowa bwino. Masamu anandilowa mpaka pamene aphunzitsi anayamba kunena za manambala okhala pansi pa ziro, aja amawaika kachizindikiro kochotsera kutsogolo, kamene tinkati mainasi. Ndinkafunsa kuti munthu angakhale bwanji ndi mbuzi zochepera pa kusakhala ndi mbuzi, ana n'kumagwa nako kuseka. Ndinasiya ndisanamvetse.

Chaka chathachi gulu lathu la alimi a m'madimba linalonjezedwa ngalande ndi bungwe lina. Anati asanayambe kukumba akufuna mapu a madimba onse, chifukwa masiku a madzi adzagawidwa malinga ndi kukula kwa dimba. Ntchito ya mapuyo anaipereka kwa mayi wina amene anapuma pa uphunzitsi cha ku Malosa, amene tonse timangowatchula kuti Madamu. Iwo ndi a komiti anayenda dimba ndi dimba atanyamula kachipangizo kooneka ngati foni yonenepa. Ankaima pangodya iliyonse, eni ake a mbali zonse ziwiri ali pomwepo, kachipangizoko n'kulemba malowo.

Tsiku limene anafika pamalire athu, mwana wanga anaima mbali ino, mayi wamasiye uja mbali inayo, atatsamira ndodo. Ine ndinaima kumbuyo ngati mlendo.

“Apa ndi pamenepa?” anafunsa Madamu, ataima pa nkhadze.

“Kuyambira kale,” anatero mwana wanga, ndipo iye ankanena zoona zimene ankadziwa.

Mayi wamasiye anangogwedeza mutu. Kenako anandiona.

“Aneba, mwabisala chiyani kumeneko? Ndamva akufuna akupatseni kompyuta. Iii, koma ndiye kukalamba kwa masiku ano! Anzanu akusankha mtengo wa bokosi, inu mukusankha mabatani.”

“Nsanje imeneyo, amayi.”

“Nsanje ya chiyani? Ine maso ndikadali nawo, ndimatola nsabwe. Inu magalasi a pamsika aja, mudzatilemba kuti timalima fodya.”

Onse anaseka, ine ndinasekanso. Kachipangizo kanalira kamodzi, ndipo bodza langa linalowa m'makina.

Za kompyutazo zinali zoona. Mayina ambiri anali atalembedwa molakwika, mbewu zinasokonezedwa, madimba ena analembedwa kawiri. Pankafunika munthu wodziwa mabanja onse a m'chigwa, wodziwa kuwerenga, komanso wopanda kwina kothamangira. Ameneyo anali ine.

Tinkagwirira ntchito pa Songani, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina kumene kunali magetsi. Mapu enieniwo anali pa intaneti, pa tsamba limene a bungwe nawonso ankaliona ali ku ofesi kwawo. Koma tsambalo linali ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo kulitsegula kamodzi kokha kunkamaliza bandulo ya sabata yonse. Ndiye a bungwe anatiikira mu laputopu pulogalamu ina imene amagwiritsa ntchito anthu olemba malamulo a makompyuta, yakuda bii, zilembo zake zamitundumitundu. M'kati mwa pulogalamuyo anawonjezeramo kachida kena kamene Madamu ankati ekisitenshoni, kolumikizana ndi tsamba la mapu lija. Kachidako kankabweretsa mawu okhaokha, popanda chithunzi.

Kumanzere kunkaoneka mndandanda wa madimba onse. Ukadina limodzi, kumanja kunkatseguka zolembedwa zake: dzina la mwini, mudzi, mbewu, ndipo pansi pake manambala ataliatali, awiriawiri. Ukakonza chinthu, pulogalamuyo inkakuonetsa zakale zofiira, zatsopano zobiriwira. Kenako pankabwera kabokosi kofunsa chifukwa chimene wasinthira, ndipo popanda kulembamo kanthu sinkalola kutumiza. Netiweki ikabwera unkadina kabatani, zonse n'kupita pa tsamba lija.

Zimenezi ndazilemba mwachidule, koma kuziphunzira kunanditengera mwezi. Ndimalemba ndi chala chimodzi. Ndikaiwala kampatuliro kapena kuchotsa mwangozi kachizindikiro kotsekera, zilembo zonse zinkafiira ngati zandikwiyira, ndipo ndinkakhala manja ali m'khosi kudikira Madamu. Magetsi ankathima pakati pa dzina la munthu. Panja makondakitala ankakuwa za ku Liwonde tsiku lonse, fumbi linkalowa pawindo, maso ankatuluka misozi. Ndikamabwerera kumudzi dzuwa litapendeka, msana unkawawa kuposa tsiku lolima.

“Abambo, anu ndi mayina ndi mbewu,” anandiuza Madamu tsiku loyamba. “Manambala awa musawakhudze.”

“Amanena chiyani?”

Mphunzitsi sapirira funso. Anakoka mpando n'kundifotokozera kuti manambala awiri aliwonse ndi ngodya imodzi ya dimba. Yoyamba imanena za kum'mawa ndi kumadzulo, yachiwiri za kumpoto ndi kumwera. Anati pa mapu kumpoto ndi kumwamba. Anatinso ukawerenga manambala a pambuyo pa kadontho, yachisanuyo ikasintha ndi imodzi, ndiye kuti pansi wasuntha ngati sitepe imodzi yaitali ya munthu wamkulu. Nambala yachiwiri iliyonse inali ndi mainasi kutsogolo. Kaya anafotokoza za iyeyo ine osamva, kaya sanafotokoze, sindikudziwa.

Milungu itatu ndinkalumpha dimba la mayi wamasiye pamndandanda. Ndinkakonza la pamwamba pake, n'kukonza la pansi pake. Koma ndinkadziwa kuti lilipo, ngati mmene munthu umadziwira dzino lobooka ngakhale usakulikhudza ndi lilime.

Kenako pamsonkhano wa gulu Madamu analengeza kuti Loweruka likubweralo mapu atsekedwa. A bungwe adzawasindikiza, adzagawa masiku a madzi, ndipo pambuyo pake palibe adzasinthe kanthu. Ndinakhala pamsonkhanopo ndikuwerenga m'mutu. Mizere seveni ija ndinaba dothi lokha. Tsopano inali kukatenganso madzi ake, ndipo pepala losindikizidwa likanakhalapo ine, mayiyo ndi onse okumbukira chitsa cha mkuyu titapita kale.

Maganizo anandibwerera pamenepo, ndipo ndinawaona ngati anzeru. Ndinati nkhadze sindingaizule popanda anthu kufunsa. Koma manambala ndingawasunthe ndili ndekha. Mapu akadzatuluka adzaonetsa malire enieni, madzi a mizere ija adzapita kwa mwini wake, ndipo tsiku lina adzukulu akadzakangana, pepala lidzaweruza zoona. Ine ndidzakhala nditabweza popanda kutsegula pakamwa.

Lolemba m'mawa ndinadzera kudimba. Ndinayenda kuchokera pa nkhadze kulowa mbali yathu, kudutsa mizere seveni ya matimati a mwana wanga, ndipo anakwana masitepe sikisi aatali. Tsiku limenelo Madamu anali atapita kumaliro, kiyi wa kachipinda anandisiyira kwa mwini sitolo.

Ndinatsegula dimba lathu ndi la aneba. Sizinavute kupeza ngodya ziwiri za pamalire, chifukwa manambala ake anali ofanana m'madimba onse awiri. Malirewo ankayenera kubwerera kumpoto, mbali yathu. Ndinaganiza motere: kumpoto ndi kumwamba, ndipo kukwera ndi kuwonjezera. Munthu akakwera makwerero sachotsera. Ndiye pa nambala yachisanu ija ndinawonjezera sikisi. Pamene panali wani ndinaika seveni, pamene panali thuu ndinaika eyiti. Ndinatero malo anayi, awiri kwathu, awiri kwa aneba. Zakale zinafiira, zatsopano zinabiriwira.

Kabokosi kofunsa chifukwa kanatseguka. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Poyamba ndinalemba kuti, “Ndinasuntha ndine kalekale.” Ndinawerenga mawuwo pagalasi, oyera pa mdima, ndipo thukuta linandituluka ngati wina waima kumbuyo kwanga. Ndinafufuta chilembo chimodzichimodzi. Ndinalemba kuti, “Kukonza cholakwika.” Netiweki inabwera cha m'ma leveni, ndinadina, zinapita.

Ndisabise, masiku awiri otsatira ndinali wopepuka. Ndinadya bwino. Ndinakumana ndi mayi wamasiye panjira ya kuchigayo ndipo ndinayamba ndine kumuseka za ndodo yake. Ndinkadziona ngati munthu amene watula mtolo pamalo pake.

Lachinayi nditafika pa Songani ndinapeza Madamu atafika kale, laputopu ili yotsegula. Sanandifunse za kunyumba monga mwa masiku onse. Anadzuka n'kutseka chitseko.

“Khalani apa, abambo.”

Anali atatsegula tsamba lenileni la mapu, lija lodya bandulo. Kanali koyamba kuti ndione chigwa chathu kuchokera kumwamba. Mtsinje unkaoneka ngati chingwe chotayidwa, madimba ngati zigamba, ndipo malire a dimba lililonse anajambulidwa ndi utoto wachikasu. Anakulitsa chithunzi mpaka ndinazindikira dimba lathu. Nkhadze inkaoneka bwinobwino, yakuda. Koma chikasu sichinali pa nkhadze, ndipo sichinali mbali yathu. Chinali m'kati mwa mpiru wa mayi wamasiye.

“Ndisanatseke mapu ndikuwerenga zonse zimene zasinthidwa,” anatero Madamu. “Makinawa amasunga. Amalemba amene wasintha, tsiku, ndi nthawi yomwe. Izi zachitika Lolemba, ine ndili kumaliro. Dzina ndi lanu.”

Ndinkangoyang'ana chikasu chija.

“Mwalemba kuti kukonza cholakwika. Cholakwika cha ndani? Ine ndinaima pa nkhadze ija ndi miyendo yanga. Mwana wanu analipo. Mayi aja analipo.” Mawu awo anatsika. “Abambo, inu ndi mkulu wa mpingo. Ndinakupatsani kiyi. Pa msinkhu wanuwu mukulanda mayi wamasiye masitepe sikisi?”

“Sindimafuna kupita uko,” ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwana wa sitandade wani. “Ndimafuna kubwera kuno. Kumpoto.”

“Kumpoto?”

“Munati kumpoto ndi kumwamba. Ndiye ndinawonjezera.”

Anandiyang'ana, anayang'ana pagalasi, kenako anatsegula manambala aja n'kuloza ndi chikhadabo.

“Mainasi uyu simunamuone? Ife tili kumunsi kwa dziko. Kuno nambala iyi ikamakula ndiye kuti mukutsikira kumwera. Mukafuna kumpoto mumachepetsa.” Anagwira pachipumi. “Mayo ine. Zaka zonse zija ndikuphunzitsa ana zimenezi.”

Anatsala pang'ono kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene funso lina linawafikira.

“Dikirani kaye. Ndiye inu mumafuna kuchotsa masitepe sikisi ku dimba la mwana wanu n'kupatsa aneba?”

“Eya.”

“Chifukwa?”

Panja kondakitala wina ankakangana ndi mayi wa nthochi. Ndinamva mkangano wonsewo mpaka kutha kwake. Madamu anadikira. Anthu amene aphunzitsa zaka zambiri amadziwa kudikira, ndipo ine ndinali nditatopa kwambiri.

“Nkhadze ija si pamalo pake,” ndinatero.

“Mukudziwa bwanji?”

“Ndinadzala ndine.”

Sanafunse zambiri, ndipo ine sindinawonjezere. Anasisita mausi ya laputopu ndi chala. Kenako anabwerera ku pulogalamu yakuda ija, anapeza zimene ndinatumiza Lolemba, n'kudina pamawu akuti kubweza. Zobiriwira zanga zinafiira, zakale zinabwerera. M'kabokosi analemba kuti, “Kubwezera pa nkhadze.” Atatsegulanso chithunzi, chikasu chinali chitagona pa nkhadze ngati sichinachokepo. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Ndinaganiza za masiku awiri amene ndinakumba chitsa chija.

“Tsopano mundimvere,” anatero. “Ngakhale mukanalondola manambala, ndikanabwezabe. Malire sasunthira m'chipinda muno. Lamulo la gulu mukulidziwa, munakweza nawo dzanja: eni ake awiri aime pamalopo, agwirizane, kachipangizo kalembe. Ndipo mwini wa dimba lija si inu.”

“Ndikudziwa.”

“Mukanakhala mwapambana, mukuganiza kuti chikanachitika n'chiyani? Mwana wanu akanaona masiku ake a madzi achepa, akanabwera kudzanditukwana ine. Mayi aja akanapatsidwa madzi a mizere imene sakulima. Inu muli phee pakhonde, mukudziona woyera.”

Mawu amenewo anandipweteka chifukwa anali oona.

“Mapu ndikutseka Loweruka masana,” anapitiriza. “Kachipangizo kali kwa ine mpaka tsiku limenelo. Akabwera awiriwo kudzandiitana, ndipita. Akapanda kubwera, chikasu chikhala pa nkhadze, ndipo za lerozi sindiuza munthu. Si nkhani yanga.” Anatseka laputopu. “Kiyi uja mundipatse kaye.”

Ndinawapatsa. Tsiku limenelo sindinakonze dzina ngakhale limodzi.

Njira yochokera pa Songani kufika kwathu ndaiyenda kosawerengeka, koma tsiku limenelo ndinapuma katatu. Sindinkaganiza zakuya ayi. Ndinkangoona kuti ndakalamba, ndipo kuti nzeru zanga zonse, za khasu ndi za sukulu yomwe, zandifikitsa pa kuba malo amodzimodzi kawiri. Ulendo woyamba ndinaba ndikufuna, wachiwiri ndinaba ndikubweza.

Ndinapeza mwana wanga akusankha matimati pakhonde, akuluakulu m'dengu la kumsika, ang'onoang'ono m'beseni. Dzuwa linali lisanalowe. Ndinakhala pampando n'kumuuza za madzi osefukira, za chitsa, ndi za kulumbira kuja. Za kompyuta sindinamuuze, ndinachita nazo manyazi kuposa zinazo. Iye sanasiye kusankha. Tomato aliyense ankamutembenuza, n'kumuika kwake.

“Amayi ankadziwa?” anafunsa.

“Sindinawauze.”

“Sindinafunse ngati munawauza.”

Ndinati sindikudziwa, ndipo mpaka lero sindikudziwa.

“Mizere seveni,” anatero. “Mukudziwa kuti ndi pamene pamabereka bwino? Manyowa onse a khola lija ndakhala ndikuthira pamenepo. Zaka zingati? Ndiye lero mwakalamba, mwayamba kuopa kumwamba, mukufuna ndilipe ine.”

“Ndi zoona.”

“Musandivomereze, bambo! Mukandivomereza ndikwiyira ndani?”

Ananyamula dengu n'kulowa nalo m'nyumba. Patapita nthawi anatulukanso kudzatenga beseni, ndipo anaima pakhomo osandiyang'ana.

“Ine kwa mayi aja sindikayamba ndine kulankhula. Sindinabe kanthu. Pakamwa pamene panalumbira ndi pomwepo pakanene. Akakakumverani, akandiitane okha, ndikaima pamalirepo. Koma matimati amene ali m'mizeremo ndithyola ine mpaka athe.”

Ndinati ndamva.

Kutacha linali Lachisanu. Ndinasamba, ndinavala jekete limene ndimapita nalo kutchalitchi, ndipo ndinatuluka mwana wanga akusesa, osandifunsa kumene ndikupita. Kwa aneba si kutali, koma ndinadzera njira yaikulu kuti ndisadutse kudimba. Ndinawapeza mayiwo atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, akuchapa m'beseni nsalu yawo yoyera ya kumzikiti.

“Odi kuno.”

“Eee, abwana a kompyuta! Lowani. Jekete m'mawa uno, kwagwanji? Mwabwera kudzandifunsira? Mwachedwa, aneba, mano anatha.”

Anaitana kuti andibweretsere mpando. Ndinati ayi, ndipo ndinakhala pansi, pa dothi, pafupi ndi madzi a sopo amene ankayenderera kuchokera pabeseni. Mayiwo anasiya kuchapa. Anapukuta manja pachitenje pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

Ndinavula chipewa. Ndinati, “Amayi, amuna anu sananame. Mizere seveni ya kumpoto kwa nkhadze ndi yanu, ndinakuberani ndine. Ndabwera kudzakupemphani kuti mukaime pamalire lero, mapu asanatsekedwe.”